Mtedza wa Pakhomo

Kwathu ku Mchinji mtedza umagawidwa pawiri. Pali wa msika, ndiye pali wa pakhomo. Mukaswa, mumakhala pamphasa ndi malichero awiri. Wonona, wofiira bwino, wosalala, umapita kudzanja lamanja kuti ukakwere sikelo ya ogula. Wokwinyika, wothyoka, wobooka, ndi uja woti ukauluma umawawa pang'ono, umapita kumanzere, ndipo umenewo ndiye wathu. Amausinja n'kukhala nsinjiro, ndipo ikalowa mu nkhwani palibe amene amafunsa kuti mtedzawo unali ndi nkhope yotani. Ndinakula ndikudziwa kuti munthu wanzeru sadya chimene akanagulitsa.

Tisanaswe tinkawaza madzi. Makoko ouma amang'amba zala, ndipo munthu woswa matumba asanu ndi manja sangapirire. Ndiye amayi ankakhuthula mtedza pansi, n'kuuwaza madzi ndi dzanja, n'kuufunditsa chiguduli kuti ugone. M'mawa mwake makoko ankangoti phwa, osavuta. Amayi awo ankatero, anansi athu onse ankatero, ndipo ine ndinaphunzira kuwaza ndisanaphunzire kulemba dzina langa.

Bambo anamwalira ndili chaka chachiwiri ku sukulu ya unamwino. Anayamba ndi kuonda, kenako maso anachita chikasu, kenako mimba inatupa mpaka malaya osamangika. Kuchipatala anati ndi khansa ya m'chiwindi, ndipo anatiuza mwaulemu kuti tikawasamalire kunyumba. Sanali munthu wa mowa. Anali mlimi wamanyazi, wokonda wailesi yake ndi ndiwo zotendera.

Tsiku la maliro, azakhali, mlongo wawo wa bambo, anaimirira pakati pa anthu n'kuloza amayi. Anati: "Alamu, tiuzeni. Mlongo wanga munamudyetsa chiyani?" Anati amayi ankathira mankhwala m'ndiwo kuti bambo asayang'ane kwina, ndipo mankhwalawo ndi amene anawaolera m'mimba. Bambo anali mkamwini pamudzi pathu, ndiye abale awo anabwera kale ndi mkwiyo. Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba khalidwe lina. Mlendo aliyense akabwera, iwo ankayamba alawa chakudyacho pamaso pake asanamupatse. Ankachita ngati akuyesa mchere, koma ife ana tinkadziwa chimene akuyesa. Kumudzi kwa azakhali, ulendo wa ola limodzi panjinga, sanapondeko kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Patapita zaka, ndili namwino kale, boma linanditumiza ku kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja, pakati pa Chintheche ndi Kande, matipate atayamba kale kuzolowereka. Bambo a mwana wanga anatsala ku Lilongwe pa ntchito yawo, ndiye ndinapita ndi mwana wanga wamkazi yekha. Chimene chinandidabwitsa kumeneko si nyanja ayi, koma chinyezi. Nsapato ukaziiwala pansi pa bedi sabata imodzi, unkazipeza zitamera ndevu. Mchere unkalira m'botolo. Mvula inkagwa mwezi umene kwathu tinali titaiwala kale ambulera.

Ndiulule kuti ndinapita ndi mwano. Fungo la chinangwa chovikidwa m'madzi linkandipotoza mphuno, ndipo kondowole, nsima yawo ya chinangwa, ndinkangomudya ndikaitanidwa, ndikumeza ngati kwinini. Mumtima ndinkati anthu awa akudya zoola. Pa tsiku la sikelo ya ana ndinkaima kutsogolo kwa amayi, ndi Chitonga changa cha mawu khumi, n'kumawaphunzitsa kuti phala la mwana azithiramo nsinjiro. Phunzirolo linali labwino, ndipo mpaka lero ndi labwino. Koma ndinkalinena ndi mphuno ya munthu wochokera kumene anthu amadziwa kudya.

Nyumba imene ndinkakhala inali ya bambo wina wachikulire wa komweko, amene anagwira ntchito ku Joni zaka zambirimbiri n'kubwerera kwawo. Bwalo lathu linali limodzi. Ankavala taye ngakhale popita kukagula usipa, ndipo chipewa chake ankachipukuta ndi kansalu kakekake. Ndinkawaitana kuti ada, monga mmene aliyense ankachitira, iwo n'kumanditchula kuti anesi. Ndinkadziwa kuti ku Joniko anali mu labotale, koma ndinkaganiza kuti ankangosesa. Sindinawafunsepo, ndipo safunsa anadya phula.

Mwana atakwana zaka ziwiri, amayi anabwera kudzationa. Anayenda masiku awiri, akusintha mabasi, ali ndi thumba la mtedza wosaswa ndi chitini chachikulu cha nsinjiro imene anasinjira kumudzi. Atatsika pamsewu ndinaona kuti akalamba, koma thumbalo anakana kuti wina awanyamulire. Anati mdzukulu wawo sangamakule ndi chinangwa ngati kuti alibe kwawo. M'mawa uliwonse, ine ndikukonzekera za kuntchito, iwo ankaphika phala lotendera, ndipo mwanayo ankalidya mpaka kunyambita supuni. Ndinali ndisanawaone amayi akuseka choncho chimwalirireni bambo.

Loweruka lina m'mawa anakhuthula mtedza wa m'thumba uja pakhonde n'kuyamba kuuwaza madzi. Ada anali pampando wawo akupukuta nsapato. Anangodzuka ndi nsapato imodzi kumanja.

"Awa, ama, viyo cha! Osatero!"

Amayi anaima, madzi akudontha m'zala. "Bambo, ndalakwa chiyani?"

"Pepani ama, ndakudzidzimutsani. Kuno kuli chinyezi. Mtedza ukanyowa, chuku chimabwera msanga."

"Kwathu timatero," anatero amayi mwaulemu. "Chuku timachipeta."

Ada anandiyang'ana ine, ngati akudikira kuti namwino anenepo kanthu. Ine ndinangoseka, n'kunena kuti anthu odya chinangwa choola asatiphunzitse za chuku. Iwo anasekanso, koma anati: "Anesi, madzi athu aja amachotsa poizoni m'chinangwa. Madzi anuwa akuitana poizoni mu mtedza. Mukapeza mpata mubwere, timwe tiyi."

Amayi atapita kukachapa, ndinawoloka bwalo. Ndinapita kukatsutsa, osati kukaphunzira. Dzina la poizoni wa chuku ndinali nditalimva kusukulu. Tinaliloweza kuti tikhoze mayeso, ndipo m'mutu mwanga linkakhala m'buku, kutali ndi lichero la amayi.

Ada anatulutsa timbale titatu toikapo makapu a tiyi, ndi kachitini ka mpunga wa ku Limphasa. Anatindandalika pa tebulo la pakhonde. Anati ku labotale kuja ntchito yawo inali kufunsa mankhwala funso limodzi lokha: kodi iwe ungayambitse khansa? Ankabweretsa zothira m'munda, zopaka tsitsi, zoika m'zakudya za m'zitini. "Munthu simungamudyetse n'kudikira zaka makumi awiri kuti muone," anatero. "Ndiye tinkafunsa tizilombo ta bakiteriya, chifukwa ito timayankha m'masiku awiri."

Anafotokoza kuti tizilomboto tinali tolemazidwa dala. Panali chakudya china chimene sitinkatha kudzipangira, ndipo popanda chimenecho sitingaswane. Ukatiika m'mbale yagalasi yopanda chakudyacho, timangokhala. Koma mkati mwa kachilombo kalikonse muli malangizo a mmene kayenera kukhalira, aja tinaphunzira kuti DNA. Chinthu chikafika n'kusokoneza malangizowo, tizilombo tina timachira mwangozi, n'kuyamba kuswana. Pamene panali kamodzi kosaoneka pamakhala kadontho koyera koti n'kukaona ndi maso. Madontho akachuluka, ndiye kuti mankhwalawo amasokoneza malangizo, ndipo chimene chasokoneza malangizo a kachilombo chingasokonezenso a munthu. Khansa imayambira pamenepo.

"Ine ntchito yanga inali kukonza mbalezo ndi kuwerenga madontho," anatero. "Ndi chifukwa chake maso anathera ku Joni."

Anatenga timbewu tochepa ta mpunga n'kutimwaza m'kambale koyamba. "Umu muli tizilombo tokha. Tochepa timachira patokha, ndi chilengedwe." M'kambale kachiwiri anamwazamo timbewu tochepanso, mwina kuposa koyamba ndi tiwiri. "Umu tathiramo poizoni wa chuku cha mtedza."

Ndinayang'ana timbale tiwirito. Tinali tofanana. "Ndiye palibe vuto, ada," ndinatero, ndikumva kukoma kuti ndapambana.

"Yewu, anesi. Aliyense ankanena choncho tsiku lake loyamba."

Ananditsegulira nkhani ya chiwindi. Anati ankatenga chiwindi cha khoswe, n'kuchipera chili chozizira kwambiri, n'kuchizunguza pa makina mpaka zolemera zonse zitakhala pansi. Timadzi totsala pamwamba ndi timene ankafuna, chifukwa mmenemo ndi mmene muli antchito a chiwindi, amene amawatcha maenzaimu. Zaka zawo zomaliza ankalandiranso timadzi ta chiwindi cha munthu, m'timabotolo touma ndi ayezi, popeza khoswe si munthu ndipo nthawi zina amayankha mosiyana. "Timeneto ndinkatinyamula ndi manja awiri," anatero. "Anali munthu uja, anali ndi kwawo. Atapita, chiwindi chake chinkagwirabe ntchito pa tebulo langa, osadziwa kuti mwini wake kulibe."

Ndinali nditaonapo imfa zambiri m'wodi, koma zoti kachidutswa ka munthu kangapitirize ntchito yake mokhulupirika chomwecho sindinaziganizepo.

"Tsopano kambale kachitatu. Tizilombo tomwe tija, poizoni yemwe uja, muyezo womwe uja. Tangowonjezera dontho la chiwindi." Anatapa mpunga wodzaza dzanja n'kuukhuthula. Kambale kanayera konse, timbewu tina n'kugwera pansi pa tebulo.

Ndinawafunsa ngati chiwindicho chinali chodwala. Anati ayi, chinali chabwinobwino, ndipo chikakhala champhamvu madontho ndi pamene amachuluka. Ndinati sizingatheke, chifukwa buku lililonse limati chiwindi chimachotsa poizoni m'thupi.

"Chimachotsadi," anatero. "Chilichonse chachilendo cholowa m'magazi chimadutsa pamenepo. Zambiri sizisungunuka m'madzi, ndiye thupi silingazitulutse. Antchito aja amachigwira n'kuchiika chogwirira, ngati mmene mumaikira waya pa ndowa, kuti madzi achinyamule chituluke ndi mkodzo kapena ndulu. Amachita zimenezi ndi panado wanu, ndi utsi wa nkhuni, ndi zinthu zimene sanazionepo chibadwire. Ndi chifukwa chake inu ndi ine tili moyo. Koma pali zinthu zochepa zoti akaziika chogwiriracho chimatuluka chakuthwa. Chisanafike pakhomo potulukira, chimakola malangizo a chiwindi chomwecho. Poizoni wa chuku amalowa ali mtulo, anesi. Amene amamudzutsa ndi chiwindi."

Ndinapezeka nditaika dzanja pansi pa nthiti za kumanja. Chiwindi ndinkachidziwa cha mbuzi, chimene amapatsa akuluakulu, ndi cha pa chithunzi cha m'kalasi. Koma pamenepo ndinachimva changa, chili chete mumdima wa m'mimba, chikusanthula tiyi amene ndinali nditangomwa kumene, popanda kuchituma, popanda kuchithokoza, kuyambira ndili m'mimba mwa amayi. Ndinachita mantha, koma anali mantha aja amene umakhala nawo ukaima pafupi ndi chinthu chachikulu kwambiri. Ndinachitanso chisoni, kuti wantchito wokhulupirika chotere angathe kudzipweteka ndi ntchito yake yomwe. Ndipo ndinayang'ana bambo wa taye uja, amene ndinkati ankasesa, manyazi n'kundigwira.

Ndinafunsa ngati kuphika kumapha poizoniyo. Anati ayi, ngakhale muwiritse tsiku lonse. Ndinafunsa ngati kupeta kumathandiza. Anati chuku chimauluka, koma chimene chasiya mkati mwa mtedza chimatsala, ndipo chimakonda kwambiri wokwinyika, wothyoka ndi wobooka. Anali akundiwerengera lichero la kumanzere, ngakhale anali asanalionepo.

Pamenepo m'pamene bambo anga anandifika m'maganizo. Ndinawauza ada mmene anafera. Anavula chipewa. Kenako anati ndisathamange. Anati si aliyense wodya amene amadwala, zimatenga zaka zambiri, ziwindi za anthu zimasiyana, ndipo pali kachilombo kena ka m'chiwindi kamene anthu ambiri amakhala nako osadziwa, kamene kakakumana ndi poizoniyu ngozi imakula. Za munthu amene anapita kale palibe angalumbire. "Koma za mwana wanu," anatero, "mungathe kuchitapo kanthu mawa m'mawa."

Ndinawoloka bwalo kubwerera kunyumba. Chitini cha nsinjiro chinali pa shelefu, chodzaza mpaka pakati. Ndinkadziwa bwino lichero limene inachokera. Mwana wanga sankayenera kuidyanso, zimenezo zinali zosakambirana. Koma ndikanawauza bwanji amayi? Mayi amene anamuloza chala pa maliro a mwamuna wake kuti anamudyetsa imfa m'ndiwo, ine mwana wake ndikamuuze kuti mwina m'ndiwomo munalidi kanthu? Ndinaona kuti kuli bwino ndiname.

Tsiku loyamba ndinati mwana watsegula m'mimba, adye phala lopanda kanthu. Amayi anamuyang'ana mwanayo akuthamangitsa nkhuku. Tsiku lachiwiri ndinalawirira kuphika ndekha. Mtedza wonyowa uja ndinauyanika padzuwa, ndikunamizira kuti ndikufuna malo pakhonde. Tsiku lachitatu anandipambana kudzuka, ndipo ndinapeza phala lapsa kale, lonunkhira bwino. Ndinatenga mbaleyo n'kunena kuti ndikamudyetsera kuseri, kuli mthunzi. Ndinalikhuthulira m'dzenje la zinyalala n'kukwirira ndi phazi. Nditatembenuka, amayi anali pangodya ya nyumba ndi tsache m'manja. Anangopitiriza kusesa.

Tsiku lachinayi anaphikanso. Anabweretsa mbaleyo pamene ndinali kusita yunifolomu, n'kuima patsogolo panga. Anatapa supuni imodzi n'kudya. Anatapa yachiwiri n'kudya, akundiyang'ana m'maso. Kenako anaika mbaleyo pa tebulo.

"Ndalawa," anatero. "Tsopano ungamupatse."

Palibe mawu amene anandipwetekapo ngati amenewo. Zaka zonsezi ankalawira alendo, koma ife ana awo anali asanatilawirepo. Pofuna kuwateteza ku mawu a azakhali, ndinali nditawauza ndi zochita zanga kuti inenso ndimakhulupirira mawuwo. Ndinazimitsa makala a simbi, n'kutuma uthenga kuntchito kuti ndichedwa.

Ndinapita kwa ada kukawapempha kuti abwere adzafotokoze okha. Anakana. Anati: "Ndi ama wanu, anesi. Ine ndine wapadera. Nkhani iyi ikachokera pakamwa panga ikhala mlandu." Anandipatsa timbale titatu tija ndi kachitini ka mpunga.

Tinakhala pamphasa pakhonde, mwana akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinati: "Amayi, sindinaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti munawachita chipongwe bambo. Koma pali chimene ndaphunzira, ndipo ndimaopa kukuuzani." Kenako ndinandandalika timbale. Ndinafotokoza mokhotakhota, ndikubwerera m'mbuyo, mawu akundithawa. Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma ndi munthu amene anasunga mbewu moyo wake wonse, ndipo nkhani yoti kanthu kakang'ono kali ndi malangizo mkati mwake sinawavute. Nditakhuthula mpunga m'kambale kachitatu, anaweramira pafupi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye chiwindicho n'chopusa?" anafunsa.

"Ayi amayi. Chimachita zomwezo ndi zinthu zina zonse, ndipo zimatipulumutsa. Pa ichi chokha ndi pamene zimatembenuka."

"Chimadziwa kuti chalakwitsa?"

"Sichidziwa."

Anagwira m'mimba mwawo, kumanzere. Ndinawasuntha dzanja n'kuliika kumanja, pansi pa nthiti. Analisiya pomwepo. Anati: "Apa? Chikugwira ntchito panopa?" Ndinati inde. Anapukusa mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti Mulungu ndi wozama. Nkhope yawo inali ngati mmene ndikuganizira kuti yanga inalili pa khonde la ada, ndipo kwa kanthawi tonse tinaiwala chimene chinatikhazika pamphasapo.

Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Bambo ako?"

"Sindikudziwa, amayi. Palibe amene angadziwe. Pali zinthu zinanso zimene zimabweretsa matenda aja."

"Koma zingatheke."

Ndinafuna kunama kachiwiri, koma ndinali nditaona kale mtengo wa bodza. "Zingatheke," ndinatero.

Sanalire nthawi yomweyo. Anayamba kutola timbewu ta mpunga timene tinagwera pamphasa, kamodzikamodzi, n'kumatibwezera m'kachitini. Anati bambo ankati ndiwo zopanda nsinjiro ndi udzu. Anati iwo akamapakula, chipande chokhala ndi nsinjiro yambiri, ija yokhala pansi pa mphika, ankachiika m'mbale ya bambo, ife ana n'kutipatsa za pamwamba. "Zaka makumi awiri ndi zitatu," anatero. "Ndinkati ndikumusamala." Apo ndiye misozi inabwera, ndipo inenso ndinalira, mpaka mwana anasiya zitsekerero zake n'kudzatiyang'ana.

Ndinawauza zonse zimene mwana angauze mayi wake. Ndinati mudzi wonse unkachita zomwezo, kuti ifenso tinadya, kuti ine amene ndinapita kusukulu ndinali ndi dzina la poizoniyo m'kope koma sindinalizindikire m'nyumba mwathu. Sindikudziwa ngati ankamva. Atapukuta maso anadzuka, n'kutenga chitini cha nsinjiro, n'kundifunsa ngati nkhuku za ada zingadye. Ndinati ngakhale nkhuku ayi. Anabwereka khasu n'kupita ndi chitinicho kuseri okha.

Masana amenewo anawoloka bwalo kupita kwa ada. Ndinawaona akugwada pafupi ndi mpando, ada n'kudzuka msangamsanga kuti nawonso akhale pansi, taye ikulendewera. Anakambirana nthawi yaitali, Chichewa cha ku Mchinji ndi Chichewa cha ku nyanja chokhala ndi Chitonga mkati. Amayi ankafunsa ngati munthu wogula mbewu: uumitsidwe masiku angati, usungidwe pati, ndipo zala zikamapweteka poswa wouma achite bwanji. Pa funso lomalizalo ada anaseka n'kuvomera kuti labotale sinawaphunzitse.

Masiku otsalawo tinaswa mtedza wouma, zala zikutuluka magazi m'mbali mwa zikhadabo. Umene unanyowa uja sitinaukhulupirirenso. Tinagula wina pamsika n'kuusankha umodziumodzi, ndipo wonona ndi umene unalowa mu mtondo. Amayi ankati akamausinja mtima umawawa, ngati akusinja ndalama. Pa sikelo yotsatira ndinapita ndi lichero, n'kuwaonetsa amayi a ana mtedza woyenera phala ndi wosayenera, ndipo ndinayamba ndi kuwauza kuti kwathu ndi kumene timalakwitsa kwambiri. Anaseka mokoma, poti anali atatopa nayo mphuno yanga ija.

Tsiku loti abwerere, tili pamsewu kudikira minibasi yopita ku Nkhotakota, amayi anamasula kampango kawo n'kundionetsa timbale titatu tatsopano ta pulasitiki. Anali atagula pa golosale osandiuza.

"Undibwerezere," anatero. "Koyamba tizilombo tokha. Kachiwiri?"

"Tizilombo ndi poizoni. Mukufuna mukaonetse amayi a kumpingo?"

"Iwonso. Koma ndiyambira kwa azakhali ako."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinawakumbutsa kuti ndi munthu amene anawachititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse, mtembo wa bambo uli m'nyumba. Ndinati akangomva nkhani imeneyi, azakhali adzayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti alamu aulula okha, kuti zinalidi m'ndiwo. Ndinawapempha, pafupifupi kuwagwira mwendo, kuti asadzipereke m'kamwa mwa anthu kachiwiri.

"Anena," anatero amayi. "Ananena kale, ndipo sindinafe. Koma iwonso amawaza madzi, iwonso amadya wa kumanzere. Pakhomo paja pali adzukulu asanu ndi awiri, ndipo onsewo ndi magazi a bambo ako."

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti malo alipo pomwe munali modzaza kale. Amayi anamanga timbale tawo m'kampango, n'kukwera, n'kudzipanikiza pakati pa mayi wina ndi dengu la nsomba. Galimoto isananyamuke anatulutsa mutu pawindo.

"Kachitatu ndi kaja ka chiwindi, eti?"

"Eya, amayi. Mudzazemo dzanja lonse."